Dzimbiri la Tiyi

Apolisi anandipeza Lachisanu m'mawa ndikutsuka maburashi m'chitini cha palafini. Anali mmodzi yekha, mayi wamfupi wa mizere itatu pamkono, atapanira chikwangwani m'khwapa ngati nyuzipepala.

"Ndinu amene a filimu amakutchulani Maburashi?"

"Amanditchula zambiri. Limenelo ndiye labwinoko."

Anachigoneka patebulo, pamwamba pa ntchito yosauma. Ndinangoyang'ana. Munthu wa yunifolomu ukamuuza kuti penti sanaume amayesa wamutukwana.

Linali lata labuluu la zilembo zachikasu: TIMAKONZA MAWOTCHI. Dzimbiri lake lonse linali litatsetsereka m'mizeremizere, ngati nkhope ya mwana amene walirira pafumbi.

"Mukuchidziwa?"

"Ndi dzanja langa."

"Ena amayamba akana kaye."

"Wokana dzanja lake ndi amene amalemba zokhota."

Sajeniyo anakoka mpando wanga n'kukhalapo osapempha. Nkhani yake inali iyi. A filimu anabwereka chikwangwani chakale kwa mayi wina wamasiye wa shopu ya mawotchi. Chinagona kwa ine masiku asanu kuti ndipange zofanana nacho. Atamaliza kujambula anakachibweza, koma dzulo kwagwa mvula, ndipo chimene chinali pakhoma la mayiyo ndi ichi.

"Wosunga katundu wa filimu akuti chenicheni sichinatuluke m'nyumba muno."

Ndinaseka, koma osati kuseka kwabwino. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndalemba makoma a masitolo, mpaka kunabwera makina osindikiza papulasitiki n'kundilanda ntchito ngati mphamba. Otsala ondifuna ndi a filimu okha, chifukwa makina sadziwa kukalambitsa chinthu. Ine ndimalemba lero, mawa chioneke ngati chapsa ndi dzuwa zaka makumi anayi. Ndimakhula zilembo ndi sandipepa, ndimamenya lata ndi tcheni, ndimawaza tiyi wakuda wosakaniza utuchi ndi guluu pang'ono, n'kumusiya atsike kuchokera pamabowo a misomali monga dzimbiri limayendera. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma zilembo zanga zaonedwa ndi anthu ambiri kuposa za aphunzitsi onse amene anandimenya. Dzina langa silinatulukepo kumapeto kwa filimu ngakhale kamodzi. Lero alikumbukira chifukwa kwasowa chinthu.

"Fufuzani," ndinatero.

Anafufuza ndithu, mpaka pansi pa bedi ndi m'denga. Sanapeze kanthu.

"Kusapeza sikukuyeretsani, bambo. Mwina munagulitsa kale. A filimu akutseka lero, malole anyamuka folo koloko. Ikakwana folo chisanaoneke, mukagona kwathu."

"Ndiye tiyeni. Ine sindigona m'chitokosi chifukwa cha ulesi wa a filimu ndi mafoni awo."

Ndinatenga chipewa, ndi burashi imodzi m'thumba la malaya. Popanda burashi ndimamva ngati ndatuluka wosavala.

*

Mayi a mawotchi anali atakhala kuseri kwa kauntala, mawotchi khumi akugunda pakhoma, iliyonse ndi nthawi yakeyake. Anali okalamba kuposa ine, olankhula pang'onopang'ono ngati akuika mazira mudengu.

"Malemu anachikhoma chaka chimene tinakwatirana," anatero. "Mvula yachimenya zaka makumi anayi, sichinalirepo. Dzulo ndikutuluka ndi tsache, ndikuona madzi ofiirira akutsika pakhoma. Ndinagwira ndi chala n'kununkhiza. Tiyi."

"Alipo amene anachifunapo?" Sajeni anafunsa.

"Bambo wina wa malo omwera, amene amakongoletsa makoma ake ndi zinthu zakale. Anabwera kawiri. Ndinamuuza kuti mwamuna wanga sindigulitsa."

"Nanga anadzachikhoma ndani pobweza?"

"Dalaivala wa lole yawo, Lachitatu. Munthu waulemu. Anakwera yekha pamakwerero, anakana ndi madzi omwe."

Kenako anatembenukira kwa ine. Akanandilalatira zikanakhala bwino. Koma anandiyang'ana mwachifundo.

"Bambo, ngati munatenga, ingobwezani mwakachetechete. Ine sindikufuna kuti munthu wa msinkhu wanu amangidwe."

"Mayi, ine ndimanamiza kamera. Amasiye sindiwanamiza."

Wotchi ina inalira kakhumi, pamene nthawi inali itadutsa kale leveni.

*

A filimu anali atamanga msewu wawo kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo katundu. Ukaima pakati umaona masitolo mbali zonse, koma ukatsegula chitseko umangopeza udzu ndi mitengo yochirikiza. Zonse ndi nkhope zopanda mimba, ngati eni ake.

Wakatundu, amene amasunga chilichonse chogwiridwa kapena kuoneka m'filimu, tinamupeza ali ndi foni kukhutu, ina m'manja.

"Madala, chonde, musandilowetse m'zinthu zanu. Ine lero mutu wanga uli pamoto."

"Yankhani ine," anatero Sajeni. "Zinabwera zingati kuchokera kwa bambowa?"

"Zinayi, zokulunga m'masaka. Amati zitatu zabodza, chimodzi chenicheni."

"Zitatu za chiyani?"

"M'nkhani yathu gulu la anthu limagwetsa chikwangwanicho n'kuchiponya pamoto. Cha mwini sitingawotche, ndipo sitijambula kamodzi. Ndiye timakhala ndi zapadera. Zitatuzo tinawotcha Lachiwiri. Chotsala ndinalembera pepala, dalaivala anakabweza. Tsopano ngati chotsalacho ndi chabodza, ndiye kuti zonse zinayi zinali zabodza. Masamu ake ndi omwewo, amayi."

"Munaziyang'ana zitafika?"

"Ndili ndi mipando makumi asanu, zipewa mazana awiri, mbuzi yobwereka imene ikudya makatani. Ndizikhala ndikuyang'ana dzimbiri?"

Foni inalira, anatipatsa nkhongo. Mumtima ndinali nditamumanga kale. Munthu wa mafoni awiri amakhala ndi malilime awiri.

Dalaivala anali pamthunzi wa lole yake, chimunthu chachikulu choseka ndi mimba yonse. Pabwalo lonselo ndi iye yekha amene ankandipatsa moni wogwirana chanza. Ankakhala nane ndikamagwira ntchito, n'kumafunsa kuti guluu ndimathira wochuluka bwanji, tiyi ndimawiritsa nthawi yanji. Atandiona anathamanga n'kubwera ndi kapu ya tiyi.

"Malume, zimene ndamvazi zandidwalitsa. Imwani kaye."

"Munatenga chiti m'chipinda cha katundu?" Sajeni anamufunsa.

"Amayi, ine ndine bulu, chimene andisenzetsa ndimanyamula. M'chipindamo munali chimodzi chokha. Ndinatenga, ndinakakhoma, ndinabwerako." Anatsitsa mawu n'kuloza Wakatundu ndi mlomo. "Koma makiyi a chipindacho amagona m'thumba la munthu mmodzi. Ine sindinanene kanthu."

Tikuchoka anandigwira paphewa.

"Zitha bwino, malume. Ndipo cha buledi chija ndichotsa ndekha madzulo, musavutike. Mayi a kunyumba akuchidikira."

Sabata yatha anandipempha chikwangwani cha sitolo ya buledi ya mumsewu wabodzawo, akuti mkazi wake amaphika buledi wogulitsa. Zikwangwani za filimu zikatha ntchito amangotaya. Ndinamulola, ndipo ndinakamupemphera ndekha pepala lotulutsira katundu pageti. Sindikumbuka kuti ndinapatsapo munthu mphatso liti.

*

Wakamera ndi mtsikana wa kapusi yotembenuza, wosakonda mawu. Anali kukulunga mawaya.

"Moto munajambula kangati?" ndinamufunsa, Sajeni asanatsegule pakamwa.

"Kawiri."

"Wakatundu akuti katatu."

"Wakatundu anali pafoni. Kachiwiri wosewera wamkulu anapsa nsidze, akuluakulu anati basi."

Sajeni anatulutsa kabuku kake.

"Komanso inu madala," mtsikanayo anapitiriza osadzutsa mutu, "ndinali nanu mawu. Chikwangwani cha Lachiwiri m'mawa chija chinandivutitsa. Kuthwanima ngati galasi. Tinachita kuchipaka sopo kuti nyali isabwerere m'kamera. Mwayamba kukalamba kapena?"

"Bwerezani zimenezo," ndinatero.

"Ndati chinkathwanima."

"Tionetseni."

Anatsegula kompyuta n'kufufuza pang'ono. Apo panali wosewera wamkulu ataima pakhomo la shopu, nsidze zikadalipo, ndipo pamwamba pake chikwangwani, ndi chibanga choyera cha kuwala pakati penipeni pa zilembo.

"Amayi a polisi, bweretsani chija mwanyamulacho. Iwe, yatsa nyali yako yaikulu."

Anayatsa. Sajeni anatembenuza lata langa uku ndi uku pansi pa nyaliyo. Linangokhala phee, lakufa ngati khoma la dothi.

"Penti wanga ndimathiramo choko chopera," ndinatero. "Chinthu choyamba chimene munthu amaphunzira pantchito ino n'chakuti kamera imadana ndi kuwala. Chikwangwani changa sichinathwanimepo, ndipo sichidzathwanima ndili moyo. Chakale chija anachiwotchera penti m'ng'anjo, n'chosalala ngati mbale. Chimene mukuona m'kompyutamo ndi chenicheni. Lachiwiri m'mawa chinali pano, masiku anayi chichokereni kwanga."

Sajeni anawerenga ndi zala. "Zinabwera zinayi. Ziwiri zinapsa. Chimodzi ndi ichi."

"Chachinayi ndi cha mayi aja."

"Mwina munabwera kudzachitenganso. Mumalowa muno tsiku lililonse." Anayang'ana wotchi yake. "Thu koloko yadutsa, bambo."

*

Mlonda wa pageti ndi mkulu wowuma ngati nkhuni, woima chilili ngakhale palibe womuona.

"Palibe chotuluka popanda pepala. Ngakhale tsache."

"Zikwangwani zatuluka zingati sabata ino?" Sajeni anafunsa.

"Chimodzi. Lachitatu. Pepala limodzi, chikwangwani chimodzi."

"Mumayang'ana m'malole?"

"Pansi pa mipando. Kuseri kwa tayala lapadera. Zikwama za osewera. Bwana wamkulu anandikwiyira nditatsegula galimoto yake. Ndinatsegulabe."

"Nanga bambo awa?"

"Awa amatuluka ndi chitini ndi maburashi. Ndi kutukwana."

Kwa nthawi yoyamba ndinamukonda munthu ameneyu. Ngati sichinadutse pageti, ndiye kuti chinali chikadali m'kati. Wakubayo anali ndi pepala limodzi lokha, ndipo mayi a mawotchi anali kudikira, choncho anatulutsa chabodza. Chenicheni chinali kuyembekeza pepala lachiwiri.

Sajeni anasanthula chipinda cha katundu, anasuzumira m'mabokosi, anakwera m'malole onse atatu. Mbuzi yobwereka ija inamudyera ngodya ya kabuku. Pofika hafu pasiti fili anatuluka ali fumbi lokhalokha, nkhope itasintha.

"Bambo, ndayesetsa."

"Mwayang'ana mobisika mokhamokha. Tiyeni tiyende mumsewu."

"Kukatani?"

"Galu wamkota sakandira pachabe."

Mumsewumo munali zikwangwani makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, zonse zanga. Ndimazidziwa ngati mayi adziwira ana ake mumdima. Cha ometa, cha telala, cha mankhwala, cha okonza njinga. Zambiri ndi thabwa lopyapyala lopakidwa kuti lioneke ngati chitsulo. Ndimazipachika ndi mawaya awiri basi, kuti akafuna kusintha msewu azichotsa msanga. Pakafunika msomali kapena bawuti, mutu wake ndimaudontheza penti wofiirira. Dzanja limachita lokha, ngati kutseka zipi.

Ndinayenda pang'onopang'ono, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Pa sitolo yachisanu ndi chiwiri china chake chinandilasa m'diso.

Chikwangwani cha buledi. M'ngodya zake zinayi munali mabawuti anayi atsopano, mitu yake ikung'anima ngati mano a mwana. Mawaya anga panalibe. Ndipo thabwalo linali litatuluka kukhoma ngati chala chimodzi kuposa mmene ndinalisiyira.

Ndinakumbukira tiyi wa Dalaivala uja.

"Musayang'ane m'mwamba," ndinauza Sajeni. "Tiyeni tikakhale pabenchi ya ometa apo."

"Mwaona chiyani?"

"Thabwa lolemera ngati kalendala sulimanga ndi mabawuti anayi. Kuseri kwake kuli chitsulo."

"Tichitsitse."

"Mukatsitsa inu, anena kuti ndinabisa ndine, poti thabwalo ndi langa. Dikirani mwini wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

*

Anthu ogwetsa msewu anayamba kumapeto. Ankakwera, kudula waya, kugwira chikwangwani ndi dzanja limodzi n'kuchiponya pamulu. Ntchito yanga ya mwezi wathunthu inkauluka ngati makoko a nthochi. Mmodzi atafika pa cha buledi anaimika makwerero.

"Siya chimenecho, achimwene," mawu anamveka kumbuyo. "Ndi mphatso yanga. Malume anandipatsa okha."

Dalaivala anabwera ndi sipanala ndi chingwe chokhuthala cha palole. Sanatione, tinali kuseri kwa nsanamira. Anakwera, anakulunga chingwe pachikwangwanicho kawiri, n'kuchimangirira kumtengo wa denga. Anamasula mabawuti atatu. Asanamasule lachinayi anatambalalitsa miyendo, anaika phewa pansi pa thabwa, n'kukoka mpweya ngati munthu wofuna kunyamula thumba la simenti.

"Mwaona?" ndinanong'ona. "Anzake aja akugwira ndi dzanja limodzi. Iyeyu wauzidwa ndi ndani kuti n'cholemera?"

Sajeni anali ataimirira kale.

Dalaivala atafika nacho pansi, thukuta lili kamukamu, anatipeza titaima patsogolo pake. Anayamba kuseka, koma mimba sinagwedezeke.

"Malume. Amayi. Ndimangotenga kamphatso kanga."

Ndinatulutsa burashi m'thumba n'kugogoda ndi chigwiriro chake. Thabwa limayankha mogontha. Ili linalira ngati belu. Sajeni analitembenuza. Kuseri kwake, chomangidwa ndi mawaya anga omwe, kunali chitsulo chabuluu, sopo wa Wakamera akadali mbuu pazilembo.

Anthu anasiya ntchito n'kutizungulira. Ndi Wakatundu yemwe anatsitsa foni.

Dalaivala anakhala pansi pamakwerero. Sanakane.

"Bambo wa malo omwera uja anandipeza ndikutenga chikwangwanichi tsiku loyamba, n'kundilonjeza ndalama," anatero. "Malume, mayi aja sakanadziwa. Dzanja lanu ndi labwino kwambiri. Akanakhala nacho mpaka kufa ali osangalala. Yandigwiritsa ndi mvula."

"Unandifunsa za guluu. Unandifunsa za tiyi. Sunandifunse ngati dzimbiri langa limapirira mvula. Ine ndimapangira masiku atatu a kamera, osati moyo wa munthu."

"Sindinkafuna kuti mlandu ugwere inu."

"Koma utandigwera unandibweretsera tiyi. Ndipo pepala lotulutsira katundu wakubayu ndinakakupemphera ndine. Akanakugwira pageti ukanati chiyani? Kuti malume anandipatsa okha."

Sajeni anauza Dalaivala kuti atambasule manja.

Wakatundu anandiyandikira akumwetulira ndi mano akutsogolo okha.

"Madala, tisasungirane chakukhosi. Lolemba tikuyamba ina, zikwangwani makumi atatu. Ndikuimbirani."

"Musandiimbire. Nenani pompano, pamaso pa anthu onsewa, kuti munandinamizira."

"Aa, madala, zimenezo zatha kale."

"Kwa inu zatha. Nenani, apo ayi Lolemba mupite kwa a makina, akakusindikizireni dzimbiri lonyezimira."

Wakatundu anayang'ana Wakamera. Mtsikanayo anangopinda manja. "Ine za pulasitiki sindijambula," anatero.

Wakatundu anatembenukira kwa anthuwo. "Ndinalakwitsa. Bambowa sanabe kanthu."

"Kwezani mawu. Mlonda ali kutali."

Anakweza.

*

Sajeni ankafuna kutenga chikwangwanicho ngati umboni. Ndinamuuza kuti zinthu zikalowa kupolisi zimakalambira komweko, ndipo mayi aja alibe zaka zodikira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anachijambula ndi foni mbali zonse, n'kulemba m'kabuku kake kodyedwa ndi mbuzi.

"Pakamwa panu padzakumangitsani tsiku lina, bambo."

"Koma osati lero."

Tinachinyamula awiri. Kushopu ndinatsuka sopo yense ndi nsanza yonyowa, mpaka buluu anabwerera. Mayi a mawotchi anadutsitsa chala pa dzimbiri la pakona, anachiyang'ana, anachinunkhiza. Chala chinali choyera.

"Bambo, ndinakuganizirani zoipa."

"Munali pamzere wautali, mayi. Gwirani makwerero."

Mawondo anga sakondanso kukwera, koma sindikanalola dzanja lina. Ndinachikhoma m'mabowo ake akale ndi mabawuti anayi a Dalaivala aja. Nditamaliza, ndinapeza dzanja lili kale m'thumba, likutulutsa burashi kuti lidontheze mitu yake.

"Mwaiwala china?" mayiwo anafunsa ali pansi.

Ndinabweza burashi m'thumba.

"Ayi. Awa asiyeni awale. Adzachita okha dzimbiri."